Mashoki a Hilux akufooka pa msewu wafumbi, ndigule ati?

Dabulokabu2012 analemba:

Akuluakulu ndithandizeni maganizo pa nkhani ya mashoki. Galimoto ndi Hilux double cab ya 2012, 3.0 D-4D, 4x4. Mashoki omwe alipo panopa si amene inabwera nawo, anaika ndi amene anandigulitsa ndipo dzina lake silikuonekanso penti inasupuka yonse. Pa tala imayenda bwinobwino palibe chodandaula, koma ndikangolowa msewu wafumbi uja wa timizere totsatizana, ma corrugation aja, poyamba zimakhala bho ndithu ndiye pakapita kanthawi kumbuyo kumayamba kuvina, pa kona kumafuna kupitirira kutsogolo, ndikaponda bampu imanjanja kawiri katatu isanakhazikike. Ndikaima n'kupumako imabwerera mwakale, kenako zimayambiranso.

Zomwe ndinaonjezera ndi bull bar yachitsulo ndi winchi kutsogolo, canopy kumbuyo, madilowa, filiji, batire yachiwiri komanso tenti ya padenga. Paulendo wautali pamabweranso madzi ndi majerikani a dizilo. Matayala ndinaika a LT 265/70R17, olemerako kuposa akale.

Ndiye pa intaneti aliyense akutama zake, ena Bilstein ena Old Man Emu ena akuti popanda Fox kapena King zokhala ndi kabotolo pambali ndiye sunayambe. Mutu wazungulira. Mafunso anga ndi awa, monotube ndi twin tube kusiyana kwake kwenikweni n'chani pa msewu ngati umenewu, kabotolo kaja n'kofunikadi kapena n'kongokongoletsa, ndipo ndingasinthe mashoki okha kusiya masipuling'i akalewo? Komanso mwina ndingokweza galimoto ndi 50mm nthawi yomweyo poti zonse zikhala zomasulamasula?

MakanikoWakale analemba:

Achimwene, tiyambire pa funso lanu lachitatulo chifukwa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Shoki sinyamula katundu. Chimene chimanyamula galimoto ndi sipuling'i, kutsogolo kwa Hilux yanuyo ndi coil, kumbuyo ma leaf. Ntchito ya shoki ndi kuletsa sipuling'iyo kuti isamangonjanja ikakanikizidwa, basi. Ndiye ngati ma leaf anu anagona kale ndi katundu mwatchulayo, mutha kugula shoki yodula kuposa zonse padziko pano galimoto ikhalabe chokhalira kumbuyo ndipo izimenyabe pa bump stop, labala yoletsa ekiselo kugunda chesesi. Tapitani mukasuzumire pansi galimoto ili ndi katundu yense, muone mpata wapakati pa ekiselo ndi labala ija ya bump stop. Ngati mukungolowetsa zala ziwiri, kapena pamene labalayo imagunda pakuwala ngati apukutapo, dziwani kuti vuto loyamba ndi masipuling'i.

Tsopano zomwe mwafotokoza zoti imayamba bwino kenako n'kufooka, mukapuma n'kubwerera, kumeneko ndi kutentha, sizachilendo ayi. Mkati mwa shoki muli oyilo ndi pisitoni yokhala ndi timabowo ndi timbale topyapyala tachitsulo, tayala likamakwera ndi kutsika pisitoni imakakamiza oyilo kudutsa m'timabowomo, ndipo mphamvu yonse ya kunjanja kuja imasanduka kutentha. Pa tala shoki imagwira ntchito mwa apo ndi apo. Pa corrugation imagwedezeka kambirimbiri pa sekondi iliyonse osapuma kwa ola lathunthu, oyilo amatentha n'kupyapyala, kenako amasakanikirana ndi mpweya n'kuchita thovu. Pisitoni ikamadutsa mu thovu zimakhala ngati mukukankha thovu la sopo, palibe chogwira. Ndi nthawi imene kumbuyo kwanu kumayamba kuvinako. Mukaima thovu limatsika oyilo n'kuzizira, shoki n'kudzukanso.

Twin tube ili ndi machubu awiri, china mkati mwa chinzake. Pisitoni imayenda m'chubu chamkati, chakunja chimasunga oyilo wotsala pamodzi ndi gasi wa nitrogen wapulesha yochepa, ndipo palibe chotchinga pakati pa oyilo ndi gasiyo, n'chifukwa chake imachita thovu msanga. Komanso kutentha kumayenera kudutsa zikhoma ziwiri kuti kutuluke. Monotube ndi chubu chimodzi, oyilo mbali yake gasi wapulesha yaikulu mbali yake, pakati pali kapisitoni kena koyandama kowalekanitsa. Thovu silichitika wamba, pisitoni ndi yaikulu, ndipo oyilo akukhudza chitsulo chomwe chikuombedwa ndi mphepo kunja ndiye imazizira msanga. Nzeru imeneyi si yatsopano, anayambitsa ndi Mfalansa wina dzina lake de Carbon cha m'ma 1950 ndipo a Bilstein anaitenga nthawi yomweyo. Kabotolo kapambali kaja, remote reservoir, ndi monotube yomweyo koma gasi ndi kapisitoni koyandama anazisamutsira m'botolomo, oyilo amachuluka, malo ozizirira amachuluka, ndipo shoki imatha kufinyika ndi kutambasuka motalikirapo pa thupi lofanana.

Koma musathamange n'kunena kuti ndiye twin tube ndi zachabe. Zilipo twin tube zamimba yaikulu zopangidwira 4x4 zomwe zili ndi oyilo wambiri kuposa monotube yaing'ono, monga Nitrocharger Sport ya Old Man Emu kapena Heavy Track Raid ya Koni. Ena monga Ironman ndi Tough Dog ali ndi za foam cell, m'malo mwa gasi womasuka anaikamo chinkhupule chokhala ndi timatumba ta gasi totsekeka, ndiye oyilo amadzaza paliponse ndipo alibe mpweya woti asakanikirane nawo.

Musanagule chilichonse kayezetseni galimoto pa sikelo. Mudzaze tanki, muike katundu yense wa paulendo, anthu akwere, muyeze kutsogolo pakokha kumbuyo pakokha. Mubwere ndi manambalawo tikambirane bwino.

Turbo_Boy analemba:

Madala afotokoza bwino koma ine ndingonena mosazungulira, amwene gulani monotube nkhani ithe. Msewu mukunenawo mdani ndi kutentha ndiye bwanji kugula chinthu chomwe chinabadwa ndi vuto la thovu? Bilstein 5100 pisitoni yake ndi 46mm, zakutsogolo zina zimabwera ndi timizere ta circlip poti mutha kusankha pamene mbale ya sipuling'i ikhale, mukweze pang'ono kapena kwambiri osagula spacer. Ngati thumba likulola kwerani pa 6112 ya 60mm ngati ilipo ya galimoto yanu, kapena BP-51 ya Old Man Emu yomweyo madala akutamayo kkkk, ija ndi bypass ya 51mm ili ndi botolo ndipo mumatha kusintha compression ndi rebound nokha, ndiko kuti kulimba kwake pofinyika ndi potambasuka. Bypass ubwino wake ndi woti pakatikati imakhala yofewa oyilo akuzemba pisitoni kudzera m'njira zapambali, koma ikamayandikira kumapeto njirazo zimatsekeka imalimba yokha, ndiye simumva chi "gu!" chija mukaponda dzenje simunaliwone.

Ine ndili ndi za botolo pa Ranger yanga ndipo sindingabwererenso m'mbuyo, ndimadutsa corrugation pa sipidi yomwe kale mano amachita kugwedera. Chinthu chimodzi chokha muzidziwiratu, Bilstein zambiri valving yake, kakonzedwe ka timabowo ndi timbale ta pa pisitoni tija, ndi digressive, kutanthauza kuti zimagwira mwamphamvu shoki ikamayenda pang'onopang'ono ngati pa kona kapena pomanga buleki, n'kumasuka ikamenyedwa mwadzidzidzi. Pa tala galimoto imakhala chilili osapendama, koma anthu ena amati timiyala ting'onoting'ono amatimva kwambiri m'chiuno makamaka galimoto ilibe katundu. Fox 2.0 ndi zofewerapo pa tinthu tating'ono, thupi lake ndi aluminiyamu limataya kutentha msanga. Ndiye zimatengera msana wanu.

MayiWa79 analemba:

Achimwene a Turbo mwalankhula ngati munthu amene amagona kunyumba tsiku lililonse. Ine galimoto yanga ndi Land Cruiser 79, kutsogolo coil kumbuyo leaf, ntchito yake ndi kunyamula zipangizo kumadera komwe galaja ili kutali tsiku lathunthu, ndipo ndimayendera twin tube zamimba yaikulu mwadala. Chifukwa chake ndi miyala. Matayala akutsogolo amatola miyala n'kumaiponya m'mbuyo ndipo imakamenya ndendende mashoki akumbuyo. Shoki yanga yakumbuyo mukaiona mbali yoyang'ana kutsogolo penti kulibe, chitsulo chili mbuu ngati anachipala ndi sandpaper, pena pali timaenje tolowa nsonga ya chala. Koma ikugwirabe ntchito, chifukwa chomwe chaphwanyika ndi chubu chakunja, pisitoni ili m'chubu chamkati osakhudzidwa. Monotube ikabonyoka chonchi ndiye kuti pabonyoka pomwe pisitoni imadutsa, imayamba kukakamira kapena kudya seal, ulendo wathera pompo. Za botolo nazonso zili ndi payipi, payipi ija ikakhuzana ndi chesesi kapena mwala ukaidula, oyilo yense pansi.

Sindikunena kuti monotube ndi zoipa ayi, pa kutentha zimaposadi, zimenezo palibe wotsutsa. Koma mukagula muikenso zotchingira miyala, ndipo shafuti ija yonyezimira ikhale ndi boot kapena chishango, chifukwa kakangobooka pang'ono pa chrome kamadula seal pang'onopang'ono mpaka kuyamba kudontha.

Nkhani ina yomwe palibe waitchula, mpweya wa m'matayala. Bambo Dabulokabu mwati munaika ma LT, amenewo khoma lake ndi lolimba, ndiye ngati mukulowa pa corrugation ndi mpweya womwewo wa pa tala ndiye kuti ntchito yonse mwaisiyira shoki. Tayala ndi limene limayamba kumeza timabampu shoki isanamve n'komwe. Ine ndikangotsika pa tala ndimaphwetsako pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndimachepetsanso sipidi osapitirira makilomita 80 pa ola, ndikabwerera pa tala ndimapopanso ndi kompuresa. Yesani zimenezi kaye ndi mashoki akale omwewo muone kusintha kwake, n'zaulere. Kumbukiraninso kuti tayala lolemera limatanthauza kuti shoki ili ndi chinthu cholemera choti izichigwira chikamadumpha, ndiye ma LT anuwo aonjezera ntchito kawiri, kuuma ndi kulemera.

Ndipo njira yosavuta yodziwira shoki yakufa, mukayenda pa corrugation kwa kanthawi imani muyandikize dzanja pa shoki iliyonse, mosamala chifukwa imatha kuwotcha zenizeni. Zonse zikhale zotentha mofanana. Mukapeza imodzi yozizira pamene zinzake zikutentha, imeneyo ndiye yafa, sikugwira ntchito iliyonse. Zokanikiza galimoto ndi manja pa ngodya yake ili chiimire n'kuona ngati ikunjanja zija pa 4x4 ya ma leaf olimba sizikuuzani zambiri.

Turbo_Boy analemba:

Mayi ndagonja pa za miyala kkkk, zotchingira ndinaika nanenso. Koma za sipidi 80 ndiye tisiyana, pa corrugation pamakhala sipidi ina yake imene galimoto imayandama pamwamba pa timizere kugwedezeka n'kuchepa.

MayiWa79 analemba:

Imayandamadi, ndipo poti ikuyandama ndiye kuti matayala akugunda pansi mwa apo ndi apo. Mkati mumamva bwino koma buleki ndi chiwongolero zilibe pogwira, mbuzi ikadutsa kapena kona ikakudzidzimutsani mudzaona. Mashoki abwino amachititsa munthu kuthamanga kuposa momwe msewu ukulolera, vuto lake ndi limenelo.

Dabulokabu2012 analemba:

Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri. Madala ndapita pa sikelo monga munanenera, ndi katundu yense ndi anthu ndatsala pang'ono kwambiri kufika pa GVM, malire a kulemera konse kololedwa olembedwa pa kambale ka galimoto, ndipo kumbuyo ndi kumene kwalemera zedi. Ndinayesa kuwerengera zomwe sizitsika n'komwe, canopy, madilowa, filiji, batire ndi tenti, zikukwana pafupifupi makilo 300. Pamwamba pake paulendo pamabwera malita 60 a madzi omwe ndi makilo 60, majerikani awiri a dizilo ndi zina zonse. Pa bump stop mwalasa, labala yakumbuyo yang'ambika mbali imodzi ndipo pomwe imagunda pakuwala, mpata ndi zala ziwiri zomwezo. Ma leaf agona mpaka akuoneka ngati akufuna kupindikira kunsi. Kutsogolo nakonso kwatsika chifukwa cha bull bar ndi winchi.

Mayi ndinayesa za dzanja zija, yakumbuyo kumanja inali yofunda chabe pamene yakumanzere sinkagwirika, ndipo yozizirayo yanyowa oyilo mpaka pansi fumbi lamatirira. Kuphwetsa matayala kwathandizadi, dashboard yasiya kulira.

Ndiye ndavomera kuti masipuling'i asinthidwe. Funso latsala ndi la 50mm lija, ndikweze kapena ayi, ndipo mashoki ndingagule kampani ina masipuling'i kampani ina? Komanso pali munthu wandiuza kuti ndigule mashoki aatali kwambiri kuti tayala lizitsika kwambiri pa miyala, akuti flex. Ndi nzeru imeneyo?

MakanikoWakale analemba:

Eya, tsopano tikulankhula ndi manambala. Ma leaf a 4x4 amagulitsidwa potengera katundu amene amakhala m'galimoto nthawi zonse, mudzaona alembapo monga 0 mpaka 300kg, kapena constant 300kg, kapena constant 600kg. Inu ndi wa constant 300. Musakopeke ndi 600 poganiza kuti kulimba ndiye ubwino, tsiku lomwe mwatsitsa madzi ndi majerikani galimoto izidumpha ngati ilibe masipuling'i ndipo palibe shoki yomwe ingakonze zimenezo. Kutsogolo sankhani coil yolembedwa kuti ndi ya bull bar ndi winchi. Dziwaninso kuti masipuling'i olimba sakweza GVM yanu, chesesi, ekiselo ndi mabuleki ndi zomwe zija, ndiye poti mwati muli m'malire onani chomwe chingatsale kunyumba.

Kusakaniza makampani n'kotheka koma kwa munthu amene akuyamba ndimati gulani kiti imodzi, kaya Old Man Emu kaya Dobinsons kaya Ironman kaya ina yodziwika, chifukwa valving ya shoki anaiyeza ndi sipuling'i yomweyo. Sipuling'i yolimba imabwerera ndi mphamvu ndiye imafuna shoki ya rebound yamphamvu, mukaiphatikiza ndi shoki yofewa kumbuyo kumakankha m'mwamba pa bampu iliyonse. Mukaika shoki ya rebound yamphamvu kwambiri pa sipuling'i yofewa nakonso n'kulakwa, pa corrugation sipuling'i sipeza mpata wobwerera bampu ina isanafike, galimoto imanka nitsika mpaka kukhala pa bump stop.

Za 50mm. Makiti ambiri amakweza pakati pa 40 ndi 50mm mwachibadwa, ndipo poti yanu inagona mudzaona ngati yakwera kuposa pamenepo. Pamenepo m'pabwino, osapitirira. Kutsogolo kwa Hilux yanuyo ndi independent, tayala lililonse limakwera ndi kutsika palokha, wishbone pamwamba wishbone pansi, mphamvu imapita ku matayala kudzera m'ma CV, majointi a pa mashafuti oyendetsa matayala. Mukakweza kwambiri ma CV amagwira ntchito atapindika, ma boot amang'ambika msanga, ball joint yapamwamba imafika pamapeto ake, ndipo chomwe mwapeza pokwera mwachitaya pa kutsika kwa tayala, ndiye pa bampu iliyonse mumamva kugogoda shoki ikutambasuka mpaka kumapeto. Mukafuna kupitirira 50 ndiye mwalowa nkhani ya ma upper control arm atsopano ndi diff drop yotsitsira difu yakutsogolo, ndalama zina. Chenjeraninso ndi ma spacer apamwamba pa strut, shoki imamangidwa chapakati pa wishbone osati pa tayala penipeni, ndiye spacer yooneka yaing'ono imakweza kuposa kunenepa kwake, ndipo imatha kuchititsa kuti shoki ifike pamapeto bump stop isanagunde.

Amene wakuuzani za mashoki aataliyo wanena theka. Shoki ili ndi miyezo iwiri, kutalika kwake itatambasuka ndi kutalika kwake itafinyika, ndipo yaitali potambasuka imakhalanso yaitali pofinyika. Ngati itafinyika ikadali yaitali kuposa mpata womwe ulipo ekiselo itagunda bump stop, ndiye kuti shoki ndi imene yasanduka bump stop, galimoto yonse ndi katundu wake zikutera pa valavu yapansi ndi pa mount. Ndinaonapo mount itang'ambika pa chesesi chifukwa cha zimenezi, ndi shoki ina shafuti itapindika. Mbali inayo, ikalola ekiselo kutsika kwambiri chomwe chimakokedwa ndi payipi ya buleki, waya wa ABS ndi ka payipi kopumira difu. Ndiye mukamanga, ikani galimoto pa jeke ndi ma stand pa chesesi matayala alendewere, mugwire payipi ya buleki, ikhale ndi kaslack osati kukungika. Ngati yanu ili ndi valavu ija yakumbuyo yoyeza katundu pogawa buleki, ndodo yake isinthidwe molingana ndi kukwera, apo ayi izidzaganiza kuti galimoto ilibe katundu n'kumachepetsa buleki yakumbuyo.

Pomanga, mabawuti onse odutsa m'mabushi alabala musamangitse galimoto ili m'mwamba. Ikani pongogwira, tsitsani galimoto iime pa matayala ake, igwedezeni, kenako mangitsani ndi torque wrench. Mukamangitsa ili lendee labala imakhala yopotoka galimoto ikatera ndipo mabushi atsopano amatha msangamsanga, mudzayamba kunena kampani pamene vuto ndi kamangidwe. Ma U-bolt ikani atsopano ndipo muwamangitsenso mukayenda makilomita mazana angapo chifukwa ma leaf atsopano amakhazikika. Coil yakutsogolo musayese kuifinya ndi timakompuresa totchipa ta ndowe tija, coil ya 4x4 ikapulumuka imathyola munthu, pitani nayo kwa amene ali ndi makina omangirira kukhoma. Pomaliza alayimenti, ndi kuwongola magetsi akutsogolo poti galimoto yasintha kaimidwe.

Mashoki sinthani onse anayi, kapena awiriawiri pa ekiselo imodzi, osati imodzi yokha yodonthayo.

Chesesi_80 analemba:

Ndingoonjezerapo ziwiri poti a Turbo sanazitchule, choyamba ndi cha za botolo. Fox, King ndi zofanana nazo zinachokera ku mipikisano, zinapangidwa kuti zizimasulidwa n'kusinthidwa oyilo ndi ma seal, n'kupopedwanso nitrogen cha m'ma 150 mpaka 200 psi. Ubwino wake simutaya, mumangokonzetsa. Koma ndiye pafunika munthu wodziwa, wokhala ndi botolo la nitrogen ndi ma seal kit, ndipo galimoto imaima kudikira. A Fox eni ake amanena ma 50,000 miles kwa galimoto yongoyenda pa tala, ya mtchire nthawi yake imafupika kwambiri. Zina kumapeto kwake kulibe labala koma ma bearing ozungulira aja, fumbi ndi matope zikalowamo amayamba phokoso la tcheketcheke. Ngati komwe muli kulibe wokonza zimenezi, shoki yotsekeratu yoti ikatha mumangochotsa n'kuika ina ndi imene ingakupatseni mtendere. Kwa munthu wa tenti padenga ndi banja mkati, amene sakuthamangitsana ndi aliyense, ine ndikuona kuti monotube wamba yaikulu bwino kapena foam cell zikukwanirani, botolo ndi la amene amakhala maola ambiri pa corrugation ali pa sipidi.

Chachiwiri ndi zafeki. Mayina akuluakulu onsewa anthu amawakopera, bokosi ndi sitika zimafanana zedi. Gulani kwa wogulitsa wovomerezeka amene akupatseni walanti yolembedwa, onani part number yodindidwa pa thupi la shoki ngati ikugwirizana ndi ya pa bokosi ndi ya pa webusaiti ya kampani, onaninso kuwotcherera kwa pa diso lapansi ngati kuli kosalala. Monotube yeniyeni mukaifinya ndi thupi lanu imalimba ndipo mukaisiya imatambasuka yokha mosadukiza mpaka kumapeto. Koma foam cell sitambasuka yokha ngati ya gasi, musaibweze poganiza kuti ndi yakufa, ndi mmene ilili.

Ndipo zatsopano zikamangidwa mukaona kachinyezi kopyapyala ka oyilo pamwamba pafupi ndi seal fumbi litamatirapo pang'ono musachite mantha, zimachitika. Kudontha kwenikweni ndi kuja mwaona pa yanu yakumanja, konyowa chotsetsereka mpaka pansi.

Dabulokabu2012 analemba:

Ndamva akuluakulu. Ndatsimikiza zotenga kiti imodzi yonse, ma leaf a constant 300, coil ya bull bar ndi winchi, kukwera kusapitirire 50mm, botolo ndalisiya. Pakati pa foam cell ndi monotube ndikupendekera ku foam cell chifukwa cha miyala yomwe Mayi anena komanso wokonza za nitrogen ndilibe pafupi. Majerikani ndichepetsa itsale imodzi. Kafunso kotsiriza madala, ma shackle, tizitsulo tolumikiza leaf ku chesesi tija, ndi mabushi a ma leaf ndisiye akale omwewo kapena nawonso apite, ndipo ndiike a labala kapena a polyurethane?

MakanikoWakale analemba:

Mabushi apite onse, simungaike leaf yatsopano pa bushi yotha. Ma shackle ndi mapini ayang'aneni, ngati pini yadyeka mpaka kuchita khosi sinthani, ndipo ngati mukutenga polyurethane tengani ma shackle okhala ndi nipo ya gilizi chifukwa poly ikauma imalira kwiii pa bampu iliyonse ndipo imadya pini. Gilizi muzipopa mukachoka m'madzi kapena m'matope. Pa maso a shoki penipeni siyani mabushi omwe abwera nayo m'bokosi. Bump stop yong'ambikayo musaiwale, muike yatsopano mbali zonse ziwiri tsiku lomwelo, ndipo musanamasule chilichonse yezani ndi tepi kuchokera pakati pa hub kufika pa mlomo wa fenda matayala onse anayi mulembe penapake, mudzayezenso mukamanga komanso masipuling'i akakhazikika kuti mudziwe kuti yakwera zingati zenizeni.